Boti la malume lilibe buleki

Malume anga aku Mangochi ali ndi matenda amodzi, kugula zinthu zakufa. Chachikulu pa zonse ndi boti limene anagula kwa mzungu wina yemwe amagulitsa katundu wa pa kotheji yake pobwerera kwawo, ndipo chiligulireni silinalaweko madzi kupatula a mvula. Linangokhala pansi pa mtengo wa mango pa ngolo yake mateyala ataphwa, ana ena anabadwa mpaka kuyamba sukulu akulidziwa ngati khola la nkhuku. Anti amachita kunena kuti akalipereke ku myuziyamu ya pa boma paja pafupi ndi wotchi ya Queen Victoria likagone ndi zinzake zakale.

Ine ndine makaniko wa maminibasi ku Ndirande, nde nditapita kukawaona pa tchuthi anandikokera pambali nkuti, "Mphwanga, iwe umadzutsa ma Hiace oti eni ake anawalira kale maliro, ichi chingakukanike?" Munthu akakuyamikira choncho umangopezeka wavula shati.

Ndazungulira kumbuyo ndikuona pulopela palibe, pali chimpope chachifupi basi. Ndati malume anakuberani mzungu uja. Iwo kuseka, paja anali aphunzitsi nde anandipatsa phunziro lonse nditaima padzuwa. Ati ili ndi jet boat, pulopela yake ili mkati amati impela, imakoka madzi kudzera pa chibowo cha pansi pa boti chomwe chili ndi tizitsulo totchinga zinyalala, kenako nkuwalavula mwamphamvu pa chimpope chija boti nkumapita kutsogolo. Ati anayambitsa ndi mkulu wina Bill Hamilton wa ku New Zealand cha mu 1954, amafuna kuyenda m'mitsinje yosaya ya kwawo momwe pulopela wamba imangomenya miyala. Zonsezo amazidziwa pamtima malume, kuyendetsa kokhako anali asanayesepo.

Titavundukula lona zoyamba kutilonjera zinali mavu, anandipatsa zanga pa chikope moti ntchito yonse ndinagwira ndi diso limodzi. Makoswe anali atadya mawaya mpaka osadziwa kuti iyi imapita kuti. Petulo wotsala mu thanki anali atasanduka wofiirira akununkha vanishi, kabyuleta yonse itamatana, paja petulo akakhalitsa amaphwa nkusiya zomata zimene zimatseka timabowo tonse. Mkati mwa boti munali dziwe la madzi a mvula ndi masamba owola, malume anamasula kapulagi ka kumbuyo kuti madziwo atuluke. Ine ndinatsuka thanki, kuphwasula kabyuleta, kusintha mapaipi a mafuta oti ukangowagwira akuthetheka, kuchotsa mapulagi nkuthira oilo m'masilinda kuti agone momwemo, mmawa nkumapukusa injini ndi sipanala pang'onopang'ono mpaka inamasuka. Pamenepo ndinali pa mpira wanga amwene, injini ndi injini basi. Batire tinabwereka ya sola kwa aneba. Injini itangolira inalavula chisa chonse cha makoswe ku ekizozi, ana kukuwa, agalu kuthawa, malume nkumati zimitsa zimitsa! chifukwa madzi oziziritsa injini amachokera ku pampu ya impela yomwe ija, pamtunda ikhoza kupsa.

Tsiku lokaliyesa mudzi onse unatiperekeza ku dooko la pa Shire, anyamata akukankha ngolo. Malume anavala jekete la suti. Zovala zoyandamitsa munthu tinalibe nde anti anatimangirira zigubu za malita 5 m'chiuno ndi chitenje, ati sakufuna kupepesedwa.

Chimene sindimadziwa nchoti chinthuchi chilibe nyutulo yeniyeni, injini ikangolira impela yayamba kale kukankha madzi. Ndangotembenuza kiyi tayamba kupita mnyamata wina akadali chigwirire chingwe, anagwera mmadzi chafufumimba. Ndaponda pang'ono mphuno yadzuka, ndapondanso lakhazikika pamwamba pa madzi nkuyamba kuuluka, eeh, tisanamizane zinali zokoma. Malume akubayibitsa anthu a pa mlatho wa Bakili Muluzi oti sakuwadziwa nkomwe, ine diso limodzi lija likutuluka misozi ndi mphepo.

Nde pobwerera ndati ndikhotere ku dooko mwaulemu anthu aone. Kutsogolo kuli mabwato a asodzi, azimayi akuchapa, kumtunda thandala loyanikapo nsomba. Ndinachita zimene dalaivala aliyense wanzeru amachita, kuchotsa phazi pa moto nkukhotetsa chiwongolero. Boti osakhota. Ndakhotetsa mpaka kumapeto, boti likungopita chindunji ngati minibasi yaona pasenjala. Phazi likufufuza buleki pansi, kulibe. Malume akukuwa, "Ponda moto! Ponda moto mphwanga!" ine mumtima ndati akuluwa mantha awazunguza mutu, tikukagunda anthu iwo akuti ndiwonjezere liwiro? Kumeneko nkumene phunziro lija analidumpha: botili limakhota chifukwa chimpope chija chimatembenuka nkulavulira madzi kumbali, ukachotsa moto palibe cholavula, chiwongolero chimangokhala chokongoletsa. Chobwezera mmbuyo chilipo, kachitsulo kamene kamatsitsa chibakete kutseka chimpope kuti madzi abwerere kutsogolo, koma waya wake anali atagwira dzimbiri, ndinakoka mpaka kanatsalira mmanja.

Azimayi anabalalika mabeseni mmwamba. Ubwino wake pansi pa botili palibe chotulukira kunja choti nkukodwa, nde linangotsetsereka pa mchenga bwinobwino kukwera kumtunda mpaka kukalowa pansi pa thandala, miyendo ya thandala thyoo, nsomba zonse pa ife. Kunangoti zii kaye, kenako gogo wina anafunsa malume mwaulemu kwambiri ngati tafika kapena tikupitirira.

Munthu wina akanalekera pomwepo, koma malume anati tikachoka chonchi anthu atiseka mpaka kalekale, tibwereremo tikaonetse kuti zinali dala. Anyamata atikankhiranso mmadzi mwini nsomba akutukwana mu Chiyao, zina ndimamva zina ayi koma zonse zimandikhudza. Ulendo uno ndimakhota ndi moto, zikutheka ndithu, mpaka tinakumana ndi namasupuni. Aliyense wa ku Shire amamudziwa namasupuni, amayandama magulumagulu maluwa ake okongola ngati alibe mlandu, nde boti lokoka madzi pansi ndi namasupuni ndi paudani. Tangodutsa pa gulu limodzi injini yayamba kukuwa kwambiri koma boti osayenda, tizitsulo tija tatsekeka ndi mizu, pampu ikungomeza mpweya, geji ya kutentha ikukwera. Ndazimitsa.

Apa mpomwe tinazindikira kuti mtsinje ukuyenda ndipo ukutitengera ku Malombe. Nkhafi tinalibe. Malume ati pamafunika munthu alowe pansi pa boti akazule zinyalalazo ndi manja, akunena akuyang'ana ine. Ndati malume, mu Shire muno muli ng'ona zoti zimadziwa anthu ndi mayina. Iwo ati nchifukwa chake ukuyenera kupita iweyo, ndiwe mlendo sizikukudziwa. Tikukangana choncho mvuu inafwenthera cha m'bango, nkhaniyo inathera pomwepo.

Kenako ndikumva mapazi akuzizira. Kuyang'ana pansi madzi afika mu akakolo. Boti likamathamanga madzi salowa pa kabowo ka kumbuyo kaja, koma likangoima amalowa mosapupuluma. Ndati malume kapulagi kaja munabwezera? Anapisa mthumba la jekete mwakachetechete nkukatulutsa, ati anakasunga kuti ana asakataye. Ine mutu pansi miyendo mmwamba kuseli kwa injini yotentha ndikufufuza kabowo, iwo adula chigubu chawo cha m'chiuno chija akukapa madzi uku akuyimba nyimbo ya kwaya ya pamaliro, kaya amalimbitsa mtima wa ndani.

Anatipulumutsa ndi mdala wina wa bwato wamba lachikuni, nkhafi imodzi. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kutchula mtengo wake, malume osatsitsa olo pang'ono koyamba mmoyo mwawo, nde anatimangirira chingwe nkutikokera mmbali mwa bango mpaka pa gombe lina kumunsi. Kuchoka apo tinayenda wapansi kubwerera ku dooko anthu akutidikirabe, ena atakagula kale mandasi.

Mwini thandala anali atawerengetsa kale zonse, nsomba, nsungwi, ndi beseni la mkazi wake. Malume analipira nkuti popeza talipira nsombazo ndi zathu, anyamata anazitola mu mchenga kudzaza thumba. Anti anatiphikira zomwezo mmawa ndi madzulo mpaka tsiku lomwe ndinakwera basi ya ku Limbe, mano akuchita kulira ndi mchenga, antiwo ndi ana akudya nkhuku.