Zikomo kwa Otiphunzitsa Kusungunula Magalasi

Ndati ndithokoze poyera aphunzitsi athu a ku situdiyo komwe takhala tikuphunzira kulumikiza magalasi powasungunula mu uvuni. Kuleza mtima kwanu n'kosowa.

Zikomo potionetsa kuti galasi silidulidwa ngati nsalu. Umangolikanda kamodzi ndi kachitsulo ka kagudumu kumapeto, n'kulithyola motsatira mzerewo, basi. Munatichenjezanso kuti magalasi olembedwa COE 90 sasakanizidwa ndi a COE 96 (COE ndi nambala yosonyeza mmene galasi limafufumira likatentha), chifukwa amafufuma ndi kunyala mosiyana akamatentha ndi kuzizira, ndiye mbale yagalasi imene wapanga imatha kung'aluka ngakhale itatuluka yooneka bwino.

Koma chimene ndikukuthokozerani kwambiri n'chotiletsa kupupuluma. Uvuni umafika madigiri pafupifupi 800, zidutswa zija n'kusungunukirana kukhala chinthu chimodzi chokhuthala mamilimita 6. Ukamatsika umaima kaye cha m'ma 500 kuti galasi likhazikike mkati, kenako n'kumazizira pang'onopang'ono usiku wonse. Ife manja ankatiyabwa kuti titsegule tisuzumire, inu n'kumangoseka kuti tibwerenso mawa. Kunena zoona, pamenepo ndiye pamavuta kuposa kudula.

Amayi amene tinkakhala tebulo limodzi, zikomo pondigawira tizidutswa tanu tabuluu, komanso pondiuza kuti ndizipukuta galasi ndisanaliike mu uvuni, poti mafuta a zala amasiya chifunga pamwamba. Achimwene amene mumasesa tizibenthu pansi ndi kutikumbutsa kuvala magalasi oteteza maso, ntchito yanu timaiona ndithu. Zikomo kwambiri.