Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Malungo omwe sanali malungo

Gawo lapita tinalekezera pomwe ndinapeza ntchito ku Limbe eti? Tiyeni tipitilize, koma ya lero siyokoma kwenikweni.

Zinandiyamba mu minibasi pa Chichiri tikulowera ku tauni. Mtima unangoyamba thi thi thi ngati ndathamanga, manja thukuta lokhalokha, mpweya osalowa, zala dzanzi, m'mutu muli chinthu chimodzi basi choti ndikufa pompano pakati pa anthu osandidziwa. Ndinakuwa kuti anditsitse, kondakitala nkumati "asisi simunafiketu, ndalama sitibweza". Ndinakhala pansi pa siteji mphindi mwina 15, kenako zii, zatha zokha ngati sizinachitike.

Mawa lake kuchipatala. Anandibaya chala, malungo mulibe. BP yokwera pang'ono, nanga si ndinali ndi mantha. Panado, kazipitani. Zitabweranso ndinabwerera, ulendo wachitatu anandipatsa LA kuti mwina malungowo abisala, ndinamwa onse ndithu koma Lachisanu lomwelo zinandigwiranso mu ofesi. Buku langa lakuchipatala linayamba kudzaza, tsamba lililonse dzina la matenda lina.

Sindiwanena adokotala aja, mzere unali wofika panja ndipo inenso ndinkafotokoza zosamveka. Ndinkangoti "mtima ukundiwawa", ndiye pa Chichewa mawu amenewa mukuwadziwa, akhoza kukhala chifuwa, akhoza kukhala mkwiyo, akhoza kukhala chisoni. Za mantha sindinkatchula, ndimati andiseka. Ndipo mawu oti nkhawa ndiye osathandiza konse chifukwa aliyense ali nazo, nkhawa ya fizi, nkhawa ya feteleza, nkhawa ya lendi, ndiye iwe ukati ndikudwala nkhawa anthu amangoti tonsefe mayi.

Amayi pafoni anati "iwe mwanawe ukungoganiza kwambiri, uzipemphera". Azakhali anali ndi yawo, akuti alipo wina kuntchito sakukondwa nane. Kukandipempherera ndinapita, sindibisa.

Amene anayamba kundimva anali anesi ena oona za maganizo. Anatulutsa pepala la mafunso 20, lija la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lotchedwa SRQ-20, lilipo la Chichewa, umangoyankha eya kapena ayi. Mutu umakupwetekani pafupipafupi? Manja amanjenjemera? Mumavutika kugona? Mumadzidzimuka msanga? Ine eya eya eya mpaka manyazi. Koma anandiuziratu kuti pepalalo limangosonyeza kuti munthu wavutika, silisiyanitsa nkhawa ndi depression, matenda aja okhumudwa kwambiri. Ananditumizanso kukayezetsa magazi, akuti chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira chimathamangitsa mtima ndi kutulutsa thukuta chimodzimodzi, kuchepa magazi nakonso. Zonse zinatuluka bwinobwino, ine mmalo mosangalala ndinalira, ndimafuna apeze kanthu kooneka koti ndikawaonetse anthu.

Kenako mayina a matenda anayamba. Wachipatala wina analemba panic disorder chifukwa cha zija zobwera mwadzidzidzi ndi kuopa kuti zibweranso (minibasi ndinali nditasiya, ndikuyenda wapansi ngati ndilibe ya transipoti). Wina anati generalized anxiety disorder, koma imeneyo akuti pafunika miyezi 6 ukudandaula masiku ambiri, ndiye anandifunsa kuti zinayamba liti, ine ndidziwe bwanji, kudandaula ndinayamba ndili Fomu 2 bambo atamwalira. Wachitatu anaonjezera depression pamwamba.

Ndinawafunsa anesi aja kuti "mayi, nanga zoona ndi ziti?" Anaseka, akuti izi zilibe X-ray, amadalira zomwe wanena iweyo, komanso matendawa amakonda kuyendera limodzi. Akuti ngakhale eni mabuku amasinthasintha, buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-5 litatuluka mu 2013 anachotsa OCD (maganizo okukakamiza kuchita zinthu mobwerezabwereza) ndi PTSD (kuvutika maganizo utakumana ndi zoopsa) m'gulu la matenda a nkhawa nkuziika pazokha. Chomwe chinandiseketsa, m'buku lomwelo analembamo mawu a Chishona oti kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Zomwe ananena amayi pafoni zija, opanda pepala la mafunso!

Nditawaimbira kuwauza anangoti "ndiye unawonongeranji ndalama zonsezo?"

Anandiyambitsa fluoxetine, kapisozi mmodzi m'mawa, ndipo sabata ziwiri zoyamba ndinkanjenjemera kuposa kale moti botolo ndinatsala pang'ono kuliponya mu toileti. Imeneyo ndi ya gawo 8.