Ulendo wathu wa ku Chembe: tinalipira loji, tinagona m'tchalitchi

Anzanga a banki m'khonde, ndalemba monga munanditumira pa msonkhano wa Lachinayi, kuti nkhani ya kunyanja isamakambidwe mosiyanasiyana pa mjigo ndi pa msika wa Bembeke. Amene simunapite werengani mpaka kumapeto musanaloze chala msungichuma.

Mukukumbukira kuti titagawana masheya, aliyense anasiya K45,000 yoti tikacheze ndi amayi a gulu la usipa ku Chembe, ku Cape Maclear, omwe aja anabwera kudzaona madimba athu a mbatatesi. Tinalipo 26. Ndalama zonse tinazitumiza pa foni kwa kampani ina ya maulendo ya ku Lilongwe kudakali miyezi iwiri. Pa pepala lawo analemba kuti muli kositala popita ndi pobwera, malo ogona masiku awiri, chakudya, boti ndi zolowera ku paki. Lisiti ilipo, ya chidindo, ndipo ndinaigwira ndi manja anga.

Tinanyamuka chifunga chisanachoke, aliyense atafunda chitenje pamwamba pa juzi, matumba awiri a mbatatesi ya mphatso ali kumpando wa kumbuyo. Pa Masasa tinakhota kutsika Khwekhwerere. Agogo athu anatsinzina pa kona yoyamba nkuyambitsa nyimbo ya kwaya, ndipo maso anadzawatsegula pa Golomoti, pomwe majuzi onse anali atalowa m'zikwama. Tikuyandikira Monkey Bay, adalaivala anaima pomwetsera mafuta nkunong'oneza a tcheya kuti kampani inangowapatsa theka la ndalama, dizilo wobwerera palibe. A tcheya anatulutsa za m'thumba mwawo, osatiuza, kuti tisataye mtima tili pamsewu.

Pa loji paja mnyamata woyang'anira anatilandira mwaulemu, anatsegula buku, natisonyeza dzina la gulu lathu. Linalembedwa ndi pensulo. Pomwe pamayenera kukhala ndalama panali pambalambanda. Anati kampaniyo ili kale ndi ngongole ya magulu ena pa loji yomweyo, ndipo mwini malo analamula kuti asatsegule chipinda ndalama zisanalowe. Msungichuma anaimba foni kasanu ndi kawiri ndili pambali pawo. Nambala sinkapezeka. Pa WhatsApp uthenga unkangokhala ndi kachongi kamodzi.

Apa ndi pamene panabuka mkangano umene mwaumva mbali imodzi. Achimwene a pa chigayo ananena mokweza kuti safunsa anadya phula, kuti ndani anauza msungichuma kupereka ndalama zonse kwa munthu amene sitidziwa ngakhale kwawo. Msungichuma anakhala pansi pamchenga, anamasula mpango umene amamangamo buku, nati: "Achimwene, werengani apa. Tsiku limenelo munakweza dzanja ndinu woyamba." Manja awo ankanjenjemera, misozi ili mbwee. Ine monga mlembi ndikuchitira umboni: mfundo ija tinaivomera tonse 26, ndipo inalembedwa. Achimwenewo anavula chipewa nkupepesa pomwepo, pamaso pa gulu. Amene akufalitsa za mkangano azifalitsanso za kupepesako.

Mnyamata wa pa loji anatipatsa madzi ozizira ndipo anatifotokozera zimene ambirife sitinkaziganizira. Ndalama ukapereka kwa kampani yotere sizikhala m'bokosi kukudikira ngati za banki yathu. Kampani ikayamba kuvutika, imatenga za gulu la mawa kulipirira gulu la dzulo. Kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ndi zogula zinakwera, ndipo amene analonjeza anthu ulendo pa mtengo wakale anayamba kukumba dzenje pofuna kukwirira lina. Ikadzatsekedwa, amayamba kulandira ndi amene anagwira chikole, monga mabanki. Ife a lisiti chabe timaima kumapeto kwa mzere.

Anatiuzanso za Thomas Cook, kampani ya ku Britain imene inagwa pa 23 Seputembala 2019 itagwira ntchito zaka 178. Makasitomala ake pafupifupi 600,000 anali pa tchuthi kunja kwa maiko awo tsiku limenelo, ndipo boma la Britain linachita hayala ndege zobweza anthu ake oposa 140,000. Kumeneko kuli ndondomeko yotchedwa ATOL: pa munthu aliyense wogula ulendo wa ndege ndi malo ogona pamodzi, kampani imaponya mapaundi 2.50 m'thumba lapadera, ndipo wogula amapatsidwa satifiketi. Kampani ikagwa, thumbalo limabweza ndalama za amene sanapite ndi kubweretsa kwawo amene ali paulendo. Mayi busa atamva anati: "Ndiye ndi thumba la zadzidzidzi lathu lomwe lija!" Ndi momwemodi. Zinandipweteka mtima kuti ife, amene sitilola ngongole ya K5,000 kutuluka popanda mboni ndi makiyi atatu, tinatumiza ndalama zopitirira K1 miliyoni osafunsa kuti zikasowa adzatibwezera ndani.

Dzuwa likupendeka anatulukira amayi a usipa, atamva kuti alendo awo ali pamchenga ndi zikwama. Sanafunse zambiri. Wapampando wawo anasenza chikwama cha agogo, ena anathamangira kwa akulu a mpingo, ndipo mdima usanagwe tinali m'tchalitchi, mabenchi atakankhidwira kukhoma, mphasa zitayalidwa, masikito atamangidwa m'mazenera. Abambo anagona pakhonde.

Chakudya cha usiku umenewo sindidzachiiwala. Mbatatesi ya mphatso inasanduka ndiwo ya tonse. Anabwereka chiwaya kwa mnyamata wa tchipisi wa pamsika, amayi a ku dimba la kumtunda anakhala bwalo kusenda ndi mipeni itatu yokha, ndipo eni mudzi anabweretsa usipa wofutsa beseni lodzaza, utaka wowamba ndi kampango mmodzi wamkulu amene anamuphika ndi tomato ndi anyezi basi. Nsima anaphika mumphika wa pa maliro, mthiko wogwira anthu awiri. Mutu wa kampango unapita kwa a tcheya, ndipo "wa dizilo" ndi dzina limene analandira pomwepo, musadabwe mukamalimva. Msungichuma anakana kudya mpaka achimwene a pa chigayo anawatengera okha mbale. Kunyanja nyali za asodzi a usipa zinandandalika ngati tauni, agogo nkumafunsa kuti tsidya lija ndi mudzi wa mfumu yanji.

M'mawa tinachita zimene tinapitira. Anationetsa mathandala oyanikira usipa, kusiyana kwa wofutsa ndi wongoyanika, ndi momwe amakongozana ndalama zogulira nsomba pa gombe nkubweza pakatha masabata awiri, chifukwa malonda awo amazungulira msanga kuposa athu odikira kukolola. Mwera ukawomba masiku angapo asodzi salowa m'madzi, choncho thumba lawo la zadzidzidzi ndi lalikulu kuposa lathu. Ife tinawafotokozera kasungidwe ka mbewu. Tinakaonanso manda a amishoni amene anayamba Livingstonia pamalopa mu 1875. Boti lopita ku chilumba cha Thumbi tinasonkherana K2,000 aliyense, ndipo nsomba za buluu zotchedwa mbuna zinkadya buledi m'manja mwa mayi busa, nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba imene mwini boti anaiponyera.

Tithokoze amayi a usipa, akulu a mpingo wa ku Chembe, mnyamata wa pa loji amene anatilola kusamba kwaulere, ndi adalaivala amene akanatha kutisiya koma anagona m'kositala usiku wonse kutidikira. Tinabwerera kutatsala tsiku limodzi, chifukwa sitikanadyera anthu chakudya chawo kawiri.

Zotsala ndi izi. Dandaulo lathu talembera a Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo makope a lisiti ndi mauthenga a pa foni ali kwa ine. Dizilo wa a tcheya tibweza kuchokera ku thumba la zadzidzidzi, ngati muvomereza Lachinayi. Ulendo wina loji ndi galimoto tidzalipira tokha mwachindunji, pang'ono poyamba, zotsala tikafika. Matumba awiri a mbatatesi tinadya tokha aja ndi ngongole: aliyense abweretse ndowa imodzi, yosankha bwino, kuti minibasi ya Loweruka ipite nayo ku Chembe.