Gitala inkachedwa, ine n'kumadzida

Kwa masabata atatu ndinkakhulupirira kuti manja anga ndi olemera. Ndikaimba gitala pandekha zinkamveka bwinobwino, koma ndikangoilumikiza ku kompyuta n'kuvala mahedifoni, chala chinkakhudza nsambo, mawu n'kubwera pambuyo pang'ono. Ndikati ndifulumire kuti ndiwapeze, m'pamene ndinkasokonezeratu. Ndinafika poganiza kuti zojambula nyimbozi n'za anzathu ena.

Cholakwa choyamba sindichedwapo chifukwa n'chochititsa manyazi. Ndinapeza kachida kochepetsera pulagi ya gitala n'kuilowetsa pabowo la maikolofoni la laputopu. Mawu anatuluka ofooka, ngati gitala yafunditsidwa bulangete. Mapikapu a gitala yamagetsi, tizipangizo totola kunjenjemera kwa nsambo, amafuna polowera pakepake, pa impedance (mulingo wa momwe polowerapo pamakanira magetsi) yokwera, nthawi zambiri 1 megaohm, ndipo pa audio interface, kabokosi kolumikizira gitala ku kompyuta, pamalembedwa INST kapena Hi-Z. Interface ndinaipeza, komabe ndinatha masiku awiri osadina kabatani kake ka INST. Ndinkaona ngati n'kokongoletsera.

Koma kuchedwa kuja sikunathe, ndipo n'kumene kunandiphunzitsa zambiri. Kompyuta siilandira mawu mosalekeza ngati madzi otuluka pampopi. Imachita kutunga: imadikira kuti kachidebe kadzaze, kenako n'kukanyamula. Kachidebeko ndi kamene amati buffer. Ine ndinkajambula pa 44100 Hz, kutanthauza tizidutswa ta mawu 44100 pa sekondi iliyonse, ndipo buffer yanga inali pa tizidutswa 1024. Nditagawa 1024 ndi 44100 pa kalikuleta ndinapeza mamilisekondi 23. Kumeneko n'kulowa kokha. Mawuwo ayenera kutulukanso kuti afike m'makutu, ndiye pamodzi ndi 46, osawerengera tina ndi tina tomwe interface imawonjezera. Mumpweya mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Ndiye kuti ndinkaimba ngati ampu yanga ili mamita 16 kuchokera pomwe ndakhala. Ndani angaimbe molongosoka choncho?

Chinanso chinali driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kulankhulana ndi interface. Ndinkagwiritsa ntchito MME, yakalekale ya Windows, yomwe pulogalamu inangodzisankhira yokha. Nditaika driver ya ASIO yochokera kwa opanga interface yanga n'kutsegula pulogalamu yojambulira nyimbo ya Reaper, ndinatha kusintha buffer mmene ndikufunira. Apa dyera linandigwira: ndinatsitsa mpaka 32. Kuchedwa kunatheratu inde, koma mawu anayamba kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, chifukwa laputopu sinkakwanitsa kutunga mothamanga chotero. Ndinakwera pa 64, kuthetheka kwa apo ndi apo. Pa 128 zinakhazikika. Pamenepo ndi mamilisekondi osakwana 3 mbali imodzi, ngati ampu ili pafupi m'chipinda momwemo, ndipo chala ndi khutu zinayamba kugwirizana. Tsopano ndimajambula pa 128, ndikafika posakaniza mawu ndimakweza pa 512 kuti kompyuta ipume.

Tsiku lomwelo ndinayamba kudzimva kawiri, ngati ndili m'holo yopanda anthu. Batani la direct monitor pa interface, lomwe limatumiza mawu m'mahedifoni osadutsa m'kompyuta, linali loyatsa, pulogalamunso inkandibwezera mawu omwewo. Ndinazimitsa chimodzi, basi. Mawu ankamvekanso khutu lakumanzere lokha, koma nazonso sizinavute: gitala imodzi ndi mono, ine ndinali nditatsegula thiraki ya stereo, ndiye mbali yachiwiri inkajambula bowo lopanda kanthu.

Phokoso ndiye linandidyera nthawi. Panali mitundu iwiri, ngakhale poyamba ndinkamva ngati ndi limodzi. Lina linali lakuya, losasintha, ngati filiji ikulira chapatali. Linalo linali lopyapyala, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikasuntha mbewa ya kompyuta nalonso linkasintha kaliridwe. Ndinazula chaja ya laputopu, lopyapyala lija zii. Ndinabwezera, lija labwerera. Ndinachita zimenezi kanayi konse, osati poyesa ayi, koma chifukwa chosangalala kuti ndagwira wakuba. Lakuyalo limachokera kumagetsi a m'nyumba, omwe amagwedezeka pa 50 Hz kapena 60 Hz malinga ndi dziko, ndipo mapikapu a single coil amalitola ngati mlongoti wa wailesi. Ndili pampando, gitala pamwendo, ndinayamba kutembenuka pang'onopang'ono. Nditayang'ana kompyuta phokoso linali lalikulu, nditapotolokera kumbali linachepa mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka. Mpaka lero ndimajambula nditapendekera kukhoma, chaja ili pansi. Wolowa m'chipindamo angaganize kuti ndakwiya.

Pa gain, kopotozera kukula kwa mawu olowa, ndinali ndi maganizo olakwika, oti mawu azifika pamwamba penipeni kuti amveke amphamvu. Kanyali kofiira kakayaka ndinkati zikuyenda. Chonsecho pa 0 dB m'pamene pali denga, ndipo chomwe chadutsa pamenepo chimadulidwa, sichibwereranso ngakhale utsitse voliyumu pambuyo pake. Pano ndimakhwatcha nsambo mwamphamvu kamodzi, n'kupotoza gain mpaka mita yoonetsa kukula kwa mawu izifika cha pa -12 dB. Ukamajambula pa 24 bit malo ndi ambiri, palibe chifukwa chopanikizira.

Zonse zitakhala m'malo, ndinayatsa metronome, kachipangizo kogunda nthawi, pa kugunda 80 pa mphindi n'kujambula makodi anayi osavuta, mobwerezabwereza kwa mphindi ziwiri. Mawu oyera, opanda kuthetheka, makutu onse awiri. Kenako ndinakulitsa chithunzi cha mafunde aja kuti ndione pomwe kukhwatcha kulikonse kukugwera poyerekeza ndi mizere ya metronome. Pa G ndinali pamzere. Pa E minor chimodzimodzi. Koma paliponse pomwe ndikuchoka pa C kupita pa D, funde linkayamba mzere usanafike, nthawi iliyonse, ngati dzanja likuopa kuchedwa ndiye likunyamukiratu. Ndinayang'ananso buffer, ili pa 128 pomwe ndinaisiya. Ndinatsitsa metronome pa 60, n'kuyambiranso pa C.