Mnyamata wa ku Columbia amene ankawerenga zosabwera pa mayeso

Masiku ano ndakhala ndikulingalira za Joshua Lederberg, wasayansi wofufuza chibadwa cha mabakiteriya, mwana wa rabi (mtsogoleri wa chipembedzo cha Chiyuda) wa ku New York, amene analowa yunivesite ya Columbia mu 1941 ali ndi zaka 16 zokha. Ambiri amamukumbukira chifukwa cha mphoto ya Nobel imene analandira mu 1958 ali ndi zaka 33, koma ine zimene zimandikhudza ndi zaka zake zoyambirira, pamene panalibe womudziwa ndipo nthawi yake inkathera mu laibulale ndi mu labotale ya Francis Ryan.

Ryan ankafufuza nkhungu ya pa buledi yotchedwa Neurospora, ndipo Lederberg anayamba kumuthandiza akadali pa digiri yoyamba. Popeza nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inali mkati, anagwiranso ntchito pa chipatala cha asilikali apamadzi cha St. Albans, kumene ankayeza magazi ndi chimbudzi cha asilikali pofunafuna tizilombo ta malungo ndi ta m'mimba. Amene anakhalapo pa maikulosikopu nyengo ya dzinja kuno kwathu akudziwa mmene maso amawawira ndi mmene khosi limaumira pofika madzulo. Mnyamatayu sanasiye kuwerenga chifukwa cha kutopa kumeneko.

Kumayambiriro kwa 1945, atayamba kale maphunziro a udokotala, anawerenga zimene Oswald Avery, Colin MacLeod ndi Maclyn McCarty anasindikiza mu 1944, zosonyeza kuti DNA (imene lero tikudziwa kuti imanyamula chibadwa) yochotsedwa m'mabakiteriya a chibayo a mtundu wina imasintha mabakiteriya a mtundu winanso, ndipo kusinthako kumapitirira kwa mbadwo wotsatira. Akatswiri ambiri pa nthawiyo ankakhulupirira kuti bakiteriya amangogawika pawiri, osapatsana kanthu ndi mnzake. Ndikuona kuti apa ndi pamene kuwerenga kwake kunabala zipatso, chifukwa nkhani ya chibayoyo anaiwerenga ndi maso a munthu wodziwa kale mmene ofufuza nkhungu ya Neurospora amayeserera chibadwa, ndipo anadzifunsa ngati njira yomweyo singagwire pa mabakiteriya.

Mu 1946 anapita ku yunivesite ya Yale kwa wasayansi Edward Tatum. Lederberg anatenga magulu awiri a mabakiteriya otchedwa E. coli K-12, gulu lililonse lolephera kudzipangira zakudya zina zofunika pa moyo wake, n'kuwathira m'mbale yopanda zakudyazo. Gulu lililonse palokha silinamere, koma atawasakaniza, timadontho towerengeka tinaonekera m'mbalemo, umboni woti mabakiteriyawo anali atapatsana majini. Anali ndi zaka 21.

Ku sukulu ya udokotala sanabwererenso. Anamaliza digiri ya PhD ku Yale komweko. Mu 1952 anayambitsa mawu akuti plasmid ponena za tizidutswa ta chibadwa topezeka kunja kwa kromozomu (nkhokwe yaikulu ya majini mu bakiteriya), ndipo lero tikudziwa kuti tizidutswa timeneti ndi imodzi mwa njira zimene mabakiteriya amapatsirana mphamvu yopirira mankhwala monga ampicillin.