Nyanja ya ku Mozambique inandilanda buluku

Ife anthu a kuchigwa kuno pali zinthu ziwiri zimene munthu wa kumtunda sangatiphunzitse, kutentha ndi madzi. Kutentha timakudziwa poti mwezi wa Okutobala ku Bangula kuno timagona pabwalo, nyumba n'kuisiyira mbewa. Madzi nawo ndi anansi athu. Shire ndi Ruo amatiyendera mpaka kuchipinda. Mu 2015 anabwera osaodira, mu 2023 namondwe wa Freddy anachita kuwaperekeza. Ndiye wina akati "samalani ndi madzi", ife timangomuyang'ana momumvera chisoni.

Zonse zinayamba ndi ukwati. Mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, anapeza banja ku Nampula, ndipo uthenga utafika pa WhatsApp mayi anangoti, "Bambo, tikafika kumeneko sindibwerako ndisanaone nyanja yamchere." Mlamu uja m'malo mowaletsa anawakolezera. Anatumiza nambala ya mnyamata wina woperekeza alendo ku Ilha de Moçambique, chilumba chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Nampula.

Mnyamatayo ntchito yake ankaidziwa, ndisamunamizire. Anati adzatitenga pakhomo m'bandakucha pa galimoto yathuyathu, osati yodikira kudzaza. Adzatizungulitsa mu linga lakale ndi m'nyumba imene munkakhala abwanamkubwa a Chipwitikizi, kenako tidzakwera ngalawa ya thanga kuwolokera ku Cabaceira Pequena, kamudzi kakale ka kutsidya, madzulo n'kutibweza ku Nampula. Zolipira pachipata ndi chakudya chamasana zidzakhala zathu. Pomalizira analemba kuti nthawi yokwera ngalawa sangalonjeze, tidzawoloka madzi akalola.

Mtengo wake ndinausintha kukhala makwacha, kenako n'kuusinthanso kukhala ndalama imene ndimaimvetsa bwino. Unakwana mbuzi ziwiri zazikazi. Tsiku limodzi lokha! Ndinabwereka kope la mayi la banki mkhonde n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake, nditakhala pansi pa nimu. Mbali ya mnyamata inali ndi mphamvu, sindikana. Chilankhulo akuchidziwa, zipata akudziwa nthawi imene zimatsegulidwa, ndipo galimoto ikudikira iweyo m'malo moti iwe uziidikira. Koma mbali inayo kunali mbuzi zanga ziwiri, ina ili ndi bere, zikundiyang'ana m'khola.

Ndili pakati polemba anatulukira amalume. Amalume anga ndi opalasa bwato pa Mtayamoyo, ndipo foni ya munthu saiona ngati chinsinsi.

"Mphwanga, tawerenganso pamene pali madzipo."

Ndinawerenga. Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa.

"Madzi akalola? Madzi asanduka nyakwawa tsopano? Ine ndakhala ndikuwolotsa anthu kuyambira pamene madzi anadula msewu ndi njanji mu 1997. Ndawolotsa njinga zamoto, maliro, mkwatibwi ali m'velo. Sindinapemphepo chilolezo kwa madzi. Mwana ameneyu akufuna kukudyera basi."

Anapitiriza kuti Chipwitikizi anachiphunzira kwa anthu othawa nkhondo amene anadzaza Nsanje nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, kuti pa Marka amadutsa ngati pakhomo pawo, ndipo Chisena ndiye anachiyamwa. Malinga ndi iwo, Mozambique yense amamva Chisena. Sankafuna malipiro. Ndingowalipirira basi, iwo atiperekeza.

Mayi anali atagwada chapatali akupereka madzi akumwa, ndipo anafunsa mwaulemu wonse, ulemu uja umene umandiopsa kuposa kukalipa.

"Pepani amalume. Basi yanu kupita ndi kubwera, chakudya ndi pogona, zikwana mbuzi zingati?"

Ine ndinalowererapo mwachangu kuti mawu a akulu akoma akagonera.

"Chabwino bambo," anatero mayi. "Tidzawamva akagonera." Usiku womwewo mapasipoti onse atatu analowa m'chikwama chawo ndipo sindinawagwirenso.

Za ulendo sindichulukitsa. Tinakwera Thabwa, Limbe, Mulanje, kudumpha malire pa Muloza, Milange, Mocuba mpaka Nampula. Ukwati unayenda bwino, tinavina, tinafupa. M'mawa mwake ndinavalanso suti yanga ya ukwati, tayi ndi nsapato zosongoka zogula ku Limbe, chifukwa munthu sukaonekera kunyanja ya eni ngati wopita kudimba. Tinakwera minibasi, zija kumeneko amati chapa, ndipo inazungulira tauni kusaka anthu mpaka ndinayamba kuzindikira nkhope za ogulitsa buledi. Tinadutsa Namialo ndi Monapo, kenako mlatho. Mlathowo ndi wautali kupitirira makilomita 3, wopapatiza mokwana galimoto imodzi, ndipo uli ndi timalo topatukira kuti muzipatsana mpata. Mayi anangoti kukamwa yasa, madzi uku ndi uku. Amalume anayang'ana pawindo n'kunena kuti Shire wa 2015 anali wamkulu kuposa pamenepa.

Titatsika anapita kwa mayi wina wodzola zoyera kumaso, zija amayi a kumeneko amapera kuchokera ku mtengo.

"Muli tani, mai?"

Mayiyo anayankha zambirimbiri m'Chimakuwa, akumwetulira. Amalume anagwedeza mutu ngati amva, n'kubwerera kwa ife.

"Awa ndi alendo ngati ife tomwe. Tiyeni."

Chilumbacho n'chaching'ono, makilomita atatu m'litali, ndipo m'lifupi ungachidutse fodya asanazime. Kumwera kuli nyumba zofolera ndi masamba a kanjedza, zambiri zili m'munsi mwa msewu, kumpoto kuli nyumba za miyala. Kunsonga kwenikweni ndiko kuli linga, makoma ake okhuthala, mizinga yakale italoza kunyanja. Titalipira pachipata amalume anaima, manja kumbuyo, n'kutiuza kuti linga limeneli anamanga a Livingstone asanabwere ku Chikwawa.

Nthawi yomweyo ndinamva Chingelezi kumbuyo kwathu. Nditacheuka ndinamuzindikira, mnyamata wa pachithunzi cha pa WhatsApp uja, ali ndi azungu awiri, bambo ndi mayi okalamba. Ndinaganiza kuti Mulungu wandikomera mtima. Mawu sagulitsidwa pa sikelo, akatuluka m'kamwa ndi a aliyense. Ndiye ndinayamba kuwatsatira chapatali, iwo akaima ine n'kuwerama kumanga chingwe cha nsapato.

Ndinamva zambiri ndili chiweramire. Linga la São Sebastião anayamba kulimanga mu 1558, a Livingstone asanabadwe ndi zaka zoposa 250. Adatchi analizinga mu 1607 ndi 1608 koma analephera kulilanda. Katchalitchi kakang'ono ka kuseri kwake, ka Nossa Senhora de Baluarte, ndi ka mu 1522, ndipo amati ndiyo nyumba yakale kwambiri yomangidwa ndi azungu kumwera konse kwa dziko lapansi imene idakaimabe. Vasco da Gama anafika pachilumbapo mu 1498 n'kupeza amalonda achiswahili ndi Aluya alipo kale. Likulu la Apwitikizi linali pomwepo mpaka 1898 pamene linasamukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Nyumba za kumwera zija zili m'dzenje chifukwa miyala yomangira tauni ya kumpoto ankakumba kumeneko. Anatchulanso za minyanga ndi akapolo ochokera kumtunda, ena mbali za kwathu kuno, amene ankafikira ku Mossuril kutsidya asanakwezedwe m'zombo. Pamenepo ndinaiwala nsapato, ndinangoima.

Pa chitsime chachikulu chosungira madzi a mvula mnyamatayo anatembenuka n'kundiuza mwaulemu m'Chingelezi kuti nsapato zanga zilibe zingwe. Zinalidi zongolowetsa phazi.

Tinachoka msangamsanga kupita kugombe. Amalume anapeza mwini ngalawa, nkhalamba yowonda, ndipo anagwirizana mtengo ndi manja. Titafika kutsidya nkhalambayo inagwira amalume pamkono, inaloza dzuwa, inaloza madzi, n'kukweza zala ziwiri. Inabwereza katatu.

"Akuti chiyani, amalume?"

"Akufuna timulipire kawiri. Anthu a kunyanja ndi choncho." Amalume anakweza chala chimodzi n'kuchigwedeza pamphuno pa nkhalambayo. Iyo inakweza mapewa.

Mayi ananong'ona kuti mwina akunena maola awiri. Ndinawauza kuti asiye amuna akambirane.

Ku Cabaceira Pequena n'kokoma, ndipo nthawi siimveka. Tinaona mzikiti wakale ndi chitsime chimene amati amalinyero a Chipwitikizi ankatungapo madzi. Tinadya nsomba yowotcha ndi mpunga wa kokonati, amalume anapempha wina, kenako anagona pamthunzi. Titabwerera kugombe dzuwa litapendeka, nyanja kunalibe.

Sindikukokomeza. Pamene tinatsikira panali matope ndi mchenga mpaka kutali, nkhanu zikuthamangathamanga, amayi ndi ana akutola nkhono ndi timabeseni. Ngalawa zingapo zinali zitagona cham'mbali pamchenga. Yathu inali itapita kalekale ndi mwini wake.

Amalume anayang'ana kwa nthawi yaitali, anatola dothi n'kulifikisa m'manja.

"Chilala ichi. Madzi akaphwa chonchi sabwera mpaka mvula ya Disembala."

Kwathu zimenezo n'zoona. Mtsinje ukatsika watsika, umadikira nyengo yake, ndipo anthu amabzala chimanga ndi mbatata m'mene wachokamo. Zoti nyanja yamchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, maola asanu ndi limodzi kupita, enanso otero kubwera, mwezi ndiwo ukukoka, ndinaphunzira ku pulayimale n'kuzisiya m'chipinda cha mayeso. Chilumba chinkaoneka pafupi, linga lili mbee. Amalume anati tiyende wapansi mpaka pamene pali madzi, tikaitane bwato.

Mayi anakhala pansi pa mtengo wa kokonati, chikwama pamiyendo.

"Pitani. Ine ndidikira madzi alole."

Matope ake anali omeza mwendo mpaka m'bondo. Suti ya ukwati sindikanaiononga, choncho titafika pa kamchenga kouma, kutali ndi maso a anthu, ndinavula nsapato ndi buluku, ndinalipinda bwinobwino motsata mzere wa simbi, n'kuika nsapato pamwamba kuti lisauluke. Ndinatsala ndi jekete, malaya, tayi ndi kabudula wamkati. Tinayenda, tinayenda. Amayi otola nkhono aja tinakumana nawo akubwerera kumtunda mofulumira, ndipo wina anatikuwira akuloza kumbuyo kwathu. Amalume anati akutipatsa moni.

Madzi a Shire akamabwera amamveka, amachita mkokomo, amanyamula zinyalala ndi nthochi. Awa anabwera mwakachetechete ngati mwini munda amene waona mbuzi m'mapira ake. Ndinangomva kuzizira m'akakolo. Nditayang'ana kumbuyo, tinjira tonse ta m'matope tinali titasanduka timitsinje, ndipo kamchenga kanga kanali katatsala pang'ono. Ndinathamanga, ngati kuzula miyendo m'matope kungatchedwe kuthamanga. Ndinafika madzi ali m'chiuno, nsapato imodzi ikuyandama kulowera ku Mossuril, inzake osaoneka. Buluku ndinaliona komaliza likupita chotambalala, miyendo yonse iwiri ili yadzaza mpweya.

Amalume, katswiri wa pa Mtayamoyo, anali atakwera mtengo wa m'madzi amchere akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale.

Tinatuluka, madziwo sanali ozama kwenikweni. Mayi sanaseke, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka. Anamasula chitenje cha yunifolomu ya ukwati n'kundipatsa.

"Mangani bwino, bambo. Kumanzere."

Madzi atadzaza, ngalawa inafika pagombe pomwepo kudzatenga anthu ake, ndipo m'mudzi munatuluka mnyamata uja ndi azungu ake, ouma, okhuta, atanyamula tizipewa ta mlaza. Iwo anawoloka mochedwa dala, anakayenda ku Cabaceira Grande kukaona tchalitchi chakale, n'kubwera pa nthawi yake. Anandiyang'ana kuyambira pa tayi mpaka pa zala za kumapazi, ndipo sananene za zingwe za nsapato. Mayi ndiwo anakambirana naye mtengo wotiwolotsa, pang'ono Chingelezi pang'ono manja, ndipo anamuuza kuti ndife aja a ku Malawi amene tinati tiganizire kaye.

M'ngalawamo mayi wachizungu uja anandipempha kuti andijambule. Anati sanaonepo chovala cha makolo chokongola chotere, jekete ndi tayi pamwamba, nsalu pansi, ndipo anafunsa ngati ndine mfumu. Ndisanatsegule pakamwa amalume anayankha kuti inde.

Chapa yomaliza inali itapita. Tinagona pachilumba pomwepo, zipinda ziwiri, m'mawa n'kugula buluku ndi patapata pamsika. Titabwerera ku Bangula mayi anatenga kope lawo la banki mkhonde, anatsegula kumbuyo kumene ndinalemba kuja, n'kuwonkhetsa zonse pansi pa masamu anga: basi ya amalume, mpunga wawo wachiwiri, ngalawa ziwiri, zipinda, buluku, nsapato. Zinakwana mbuzi zinayi. Ya bere ija inapita ndi bere lake.

Sabata yatha amalume anabwera kunyumba atavala malaya oyera. Amva kuti amayi a kutchalitchi kwathu akukonza ulendo wa ku Beira, ndipo akufuna ndiwalembere kalata yowachitira umboni kuti anaperekezapo alendo kunyanja yamchere. Ndinati ndilibe cholembera. Mayi anatuluka m'nyumba, anagwada, n'kundipatsa chawo.