Mvula inandigwira ku Kilpeck

Basi inanditsitsa pamsewu wa A465 wopita ku Abergavenny, dalaivala n'kungondilozera kanjira kolowa m'minda. Ndisanapite patali mvula inayamba, mvula ya kuno ija yopanda mabingu, yongowaza pang'onopang'ono koma yolowa mpaka m'mafupa. Kanjirako n'kopapatiza, uku ndi uku mpanda wa zitsamba wotalika kuposa munthu, moti galimoto ikamabwera umachita kudzipanikiza kuminga. Ndinafika ku Kilpeck nsapato zitadzaza madzi, mtima utada bii.

Mudziwu uli ku England, m'chigawo cha Herefordshire, kufupi ndi malire a Wales. Chimene ndinadzera ndi katchalitchi ka St Mary and St David, ka miyala yofiirira, komangidwa cha m'ma 1140. N'kakang'ono zedi, koma ukaima pakhomo lake lakum'mwera umaiwala kuti ukunyowa. Pamiyala ya khomolo anasemapo njoka zopiringizana, asilikali ovala zisoti zosongoka, ndi mtengo wa moyo pamwamba penipeni. Ukazungulira kunja n'kuyang'ana mmunsi mwa denga, pali timitu tamiyala toposa 80, kalikonse ndi nkhope yakeyake. Kamene ndinakakonda ndi ka galu ndi kalulu atagundanitsa mitu ngati mabwenzi, makutu a galuyo ali lende. Kena n'ka mayi wosavala, koti kwathu sungakaloze ndi chala akuluakulu ali pompo, koma kakhala pakhoma la nyumba ya Mulungu zaka zoposa 800.

Chitseko sichinali chokhoma. Ndinalowa ndikunjenjemera, n'kupeza mayi wina wachikulire, wa imvi mbuu, akuchotsa maluwa ofota m'mabotolo. Anayang'ana madzi amene ankachucha pa thalauza langa, kenako nkhope yanga.

"Mwayenda wapansi kuchokera kumsewu? Khalani apa, bambo."

Anatulutsa fulasiki m'chikwama, n'kundithirira tiyi m'chivindikiro chake. Tiyiyo analibe shuga, koma manja anga anayamba kumva moyo. Anandiuza kuti amasinthana ndi amayi anzawo kusesa ndi kukonza maluwa, ndipo sabata imeneyo inali yawo. Anandigwira pamkono n'kunditengera kutsogolo kuti ndione anthu osemedwa pamizati, atasanjikizana atatu mbali iyi, atatu mbali inayo. Ankawasisita ndi nsalu yofufutira fumbi ija ngati akupukuta mwana kumaso. Palibe amene amawalipira. Ndinakumbukira mayi anga ndi amvano anzawo akuzira m'tchalitchi mwathu Loweruka madzulo, ndipo pakhosi panandimanga.

Nditawafunsa za basi yobwerera anangopukusa mutu. Apa ndiye pali dandaulo langa lalikulu. Dziko lolemera chonchi, koma kumidzi kwake basi n'zosowa, ndipo ukaiphonya imodzi udikira mpaka miyendo kuuma, popanda ndi kabaza yemwe woti n'kukupulumutsa. Amene mukufuna kuona Kilpeck, tchalitchi chakale cha Dore Abbey kapena midzi ya nyumba zoyera za mitanda yakuda ngati Weobley ndi Pembridge, pezani mnzanu wagalimoto mugawane mafuta. Ndipo musakhulupirire dzuwa la m'mawa.

Mayi aja anati akupita kukagula zinthu ku Hereford, ndikwere nawo. Ndinatulutsa mapaundi 10 kuti ndithandize mafuta.

"Ayi, ponyani m'bokosi ilo. Denga ndi limene likufuna ndalama, osati ine."

Ndinaponya. Kulowa m'tchalitchimo n'kwaulere, koma musatuluke osasiya kanthu.

Panjira tinadutsa minda ya maapozi ndi ng'ombe zofiira za nkhope zoyera, zimene dzina lake ndi Hereford lomwelo. Ponditsitsa pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha mumzindawo anandipatsa maapozi awiri a pakhomo pawo, n'kuti: "Mukaone mapu aja, mwina mukapezako kwanu."

Mapuwo ndi Mappa Mundi, mapu a dziko lonse osungidwa patchalitchi chachikulucho, ojambulidwa cha m'ma 1300 pachikopa chimodzi cha mwana wa ng'ombe, otalika kupitirira mita imodzi ndi theka. Pali malipiro polowa, koma si owawa. Chimene chinandiwawa ndi mtengo wa khofi ndi kachidutswa ka keke kunja kwake. Kum'mawa anakuika pamwamba, Yerusalemu pakati penipeni, Nyanja Yofiira n'kuipaka utoto wofiiradi. Mu 1988 atsogoleri a tchalitchicho, atapanikizika ndi ngongole, anafuna kuwagulitsa. Anthu anakana, ndalama zinapezeka, ndipo mu 1996 anatsegula nyumba imene akusungidwamo lero. M'nyumba yomweyo muli mabuku akale omangidwa ndi maunyolo kumashelefu kuti asabedwe, lina la Uthenga Wabwino lolembedwa pamanja m'zaka za m'ma 700.

Ine ndinathamangira kufuna Africa. Wolemba zilembo zagolide anasokoneza: dzina la Africa analilemba pa Ulaya, la Ulaya pa Africa. Ndinasuzumira kudzanja lamanja, komwe dziko lathu liyenera kukhala. Nyanja ya Malawi kulibe, Zambezi kulibe. M'mphepete monsemo anajambulamo anthu achilendo, ena opanda mitu, maso ndi pakamwa zili pachifuwa. Umu ndi mmene ankatiganizira asanationepo. Zinandikhudza, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akundizungulira, masokosi akadali onyowa, maapozi a mayi aja akulemera m'thumba la jekete.

Ndinawadyera m'sitima yobwerera ku Birmingham, titadutsa Ledbury, tikulowa pansi pa mapiri a Malvern. Anali ang'onoang'ono, owawasa, khungu lake lolimba. Dzina la mayiwo sindinalifunse n'komwe.